Kudula, kumezanitsa ndi kuwokera: mmene mungayambire nazale pakhomo mu Blantyre

Mbande zambiri zimene zimafa m'makomo a mu Blantyre zimaphedwa ndi madzi ochuluka, osati ludzu. Munthu wagula kamtengo ka peyala m'mbali mwa msewu, kobiriwira bwino, wafika nako ku Chilomoni, wakumba kadzenje m'katondo, ndipo akuthirira m'mawa ndi madzulo. Pakutha kwa milungu itatu masamba ayamba kulendewera ngati akufuna madzi, iye n'kuwonjezeranso ndowa ina. Mukakazula kamtengoko mupeza mizu yakuda, yofewa, yonunkha. Mizu imapuma mpweya, ndipo dothi likadzaza madzi imabanika n'kuwola. Muzu wowola sumwanso madzi, n'chifukwa chake chomera chomira chimaoneka chimodzimodzi ndi chomera chouma. Musanathirire, pisani chala m'dothi kufika pamfundo yachiwiri. Ngati mukumva chinyezi, bwezani keniyo.

Dothi la m'machubu

Mbali zambiri za mzinda uno zili ndi katondo, dothi lofiira limene limamata likanyowa ndi kulimba ngati njerwa likauma. M'munda limabereka ndithu, koma mukalithira lokha m'chubu limasanduka chibuma. Sakanizani chonchi: ndowa 2 za dothi lapamwamba lakuda, ndowa 1 ya manyowa owolerana, ndowa 1 ya mchenga wa kumtsinje. Mchenga ukhale wokhakhala, osati wosalala uja wa pulasitala, chifukwa wosalalawo umatseka timipata m'malo motsegula. Ngati wachokera m'mitsinje yodutsa pakati pa tauni, utsukeni kawiri, umabwera ndi sopo ndi mafuta. Sefani zonse kuti muchotse miyala ndi zibuma.

Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, wazani madzi pang'ono, tengani dothi lodzaza dzanja, mulifinye. Mukatambasula dzanja likhale chibulumwa, koma mukachigunda ndi chala chiphwanyike. Likakhala lonyenyeka osagwirana, mchenga wachuluka. Likamaumbika ngati dongo la mbiya, onjezerani mchenga ndi manyowa.

Pa manyowa m'pamene anthu ambiri amadziwotchera okha mbande. Zitosi za nkhuku zongochoka m'khola ndi zaukali, zimapsereza mizu yanthete m'masiku awiri okha. Manyowa okonzeka amakhala akuda, ozizira mukawagwira, onunkhira ngati dothi la pansi pa mtengo, ndipo simungazindikirenso kuti ichi chinali phesi, ichi chinali ndowe. Mulu wa chimato, uja womata ndi matope, umafuna miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mukukayika, fesani nyemba 10 m'kachitini ka manyowawo. Zikamera pafupifupi zonse ndi masamba obiriwira, agwiritseni ntchito. Zikamera zitatu zachikasu, dikirani mwezi wina.

Machubu ogula ndi abwino, koma mapepala a shuga a kilogalamu imodzi ndi mapaketi a Chibuku otsuka bwino amagwira ntchito yomweyo pa maluwa. Abooleni pansi ndi m'mbali chakumunsi, mabowo 6 kapena 8 ndi msomali. Mango ndi mapeyala amafuna chubu chachikulu, chakuya masentimita 25 mpaka 30, chifukwa muzu wake waukulu umathamangira pansi. Pothira dothi musalitsendere ndi chibakera. Thirani, gwedezani chubu pochimenyetsa pansi kawiri katatu, siyani mpata wa zala ziwiri pamwamba poti madzi aziima.

Machubuwo aikeni pansi pa chisakasa cha udzu wofolera mopatuka, choti dzuwa lizilowa madontho-madontho. Mthunzi wa bii, ngati wa pansi pa mtengo waukulu wa mango, umatulutsa mbande zazitali, zowonda, zotuwa, zimene zimakomoka tsiku loyamba kuziika padzuwa.

Nyengo yake

Mu June ndi July, makamaka kumtunda monga ku Limbe, Bangwe ndi Chigumula kumene chiperoni chimakhalitsa, zomera zimakhala ngati zagona. Kamtengo kodula kamangokhala m'dothi lozizira osatulutsa mizu, mapeto ake n'kuwola. Yambani kumapeto kwa August kukayamba kufunda, mpaka October. Mukatero mbande zanu zidzakhala zokhwima pofika December, mvula itakhazikika. Cha ku Chileka ndi Lunzu kumafunda msanga, mukhoza kuyambako msanga ndi milungu iwiri kapena itatu, koma konzekerani kuthirira pafupipafupi mu October. Khalani ndi mgolo wa madzi wosungira nazale yokha, popeza mipopi imatha kuuma nthawi yomwe kwatentha kwambiri. Madzi ochapira akhoza kupita ku mitengo ikuluikulu, koma osati ku mbande, ndipo amene muli Jik musathire pa chomera chilichonse.

Kuchulukitsa ndi timitengo todula

Duranta wa mpanda uja, hibiscus, croton, bougainvillea, marozi, mabulosi ndi chammwamba, zonsezi zimamera kuchokera ku kanthambi. Dulani m'mawa kusanatenthe, kuchokera ku chomera chopanda matenda. Sankhani nthambi imene yayamba kukhwima: isakhale nsonga yanthete yopindika ngati chingwe, isakhalenso nkhuni yakale yotuwa. Kukula kwake kukhale ngati pensulo, kutalika masentimita 15 mpaka 20, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi.

Kumunsi dulani pansi penipeni pa mfundo, chifukwa mizu imatulukira pamenepo. Kumtunda dulani mopendeketsa pamwamba pa mfundo. Kudula mosiyana chonchi kumakuthandizani kuzindikira mutu ndi miyendo, pakuti kamtengo kobzalidwa chadodolido sikamera. Chotsani masamba onse akumunsi ndi maluwa onse, musiye masamba awiri pamwamba, ndipo ngati ndi aakulu monga a hibiscus, aduleni pakati. Kamtengo kopanda mizu sikangathe kumwetsa masamba ambiri.

Musabzale m'dothi la manyowa lija. Timitengo todula timafuna mchenga wokhakhala wokhawokha, kapena theka mchenga theka mankhusu a mpunga owaula. Manyowa ndi feteleza pa nthawi imeneyi zimangoitana kuwola. Boolani ndi kamtengo kena, lowetsani kodulako kufika theka kapena gawo limodzi mwa atatu, tsinani mchenga m'mbali ndi zala. Mukakabaya mwamphamvu popanda kuboola, khungwa lakumunsi limasendeka. Thirirani kamodzi mokwanira, kenako vindikirani ndi botolo lapulasitiki loonekera la malita 2 lodula pansi. Mukaona timadontho mkati mwa botolo, chinyezi chilipo. Masulani chitsekerero masana kukatentha, ndipo botololo lisamenyedwe ndi dzuwa, apo ayi muphika kamtengo kanu ngati ndiwo.

Duranta, hibiscus ndi croton zimagwira pa milungu 4 mpaka 6. Bougainvillea ndi wamakani, amatha miyezi iwiri kapena kupitirira, ndipo ambiri amafa, choncho dulani 20 ngati mukufuna 8. Musapusitsidwe ndi timasamba tatsopano ta mlungu wachiwiri, timeneto timatuluka ndi chakudya chimene chinali kale m'kanthambi. Kokani pang'onopang'ono, ngati kakukana ndiye kuti mizu yagwira. Pamenepo kasamutsireni m'chubu cha dothi losakaniza lija.

Zomera zotuluka utomoni woyera zili ndi khalidwe lake. Frangipani musiyeni pamthunzi mlungu wathunthu bala liume musanabzale. Poinsettia amafuna maola ochepa chabe. Utomoni umenewu usakulowe m'maso. Chammwamba chokha n'chosavuta: nthambi yotalika mita imodzi, yonenepa ngati mpini wa khasu laling'ono, muizike pamalo pake pomwepo.

Gwafa savomera msanga kudula, koma amavomera kumutulutsa mizu nthambi ikadali pamtengo. Sendani khungwa mozungulira, mulifupi masentimita 3, palani kanembanemba koterera kamene katsala, kulungani pabalapo ndi chibulumwa cha utuchi wowolerana kapena manyowa onyowa, mangani ndi pulasitiki mbali zonse ziwiri. Pa miyezi iwiri kapena itatu mizu imaonekera m'pulasitikimo, ndipo mumadula nthambiyo kumunsi kwake. Mukapanda kupala bwino, khungwa limalumikizananso ndipo mizu situluka.

Kumezanitsa mango ndi mapeyala

Njere ya mango a Kent kapena Tommy Atkins mukaibzala sikupatsani chipatso chofanana ndi chimene munadya. Peyala wa Hass kapena Fuerte nayenso chimodzimodzi, ndipo mtengo wa njere umachedwa kubereka, zaka 6, 8 kapena kuposa. Womezanitsa umayamba pa zaka 3 kapena 4, sutalika kwambiri, ndipo mumadziwiratu chimene mudzathyole. Kumezanitsa n'kutenga mizu yolimba ya mtengo wamakolo n'kuiveka mutu wa mtengo umene mukuufuna.

Tsinde, ndiye kuti kamtengo kopereka mizu kaja, limachokera ku njere za mango wamba, kalisere kapena maboloma, zimene zimangotayika m'misika mu December ndi January. Musazisunge, njere ya mango imafa msanga. Tsukani, yanikani pamthunzi tsiku limodzi, ng'ambani chigoba mosamala ndi mpeni cham'mbali, tulutsani njere yamkati. Yakuda kapena yofumbwa tayani. Bzalani chogoneka cham'mbali, msana wake uli m'mwamba, mukwirire masentimita 2 kapena 3. Imamera pa milungu 2 mpaka 4. Mango amakolo nthawi zambiri amatulutsa mphukira zingapo panjere imodzi: siyani yamphamvu, zinazo dulani. Njere ya peyala imakhala pansi ndi mbali yake yophwatalala, nsonga kumwamba, ikusuzumira pang'ono kunja kwa dothi. Tsinde likanenepa ngati pensulo lakonzeka. Mango ofesedwa mu January amafika pamenepo cha mu September kapena October, nthawi yabwino yomezanitsa chifukwa kwafunda koma mvula yoolera mabala sinayambe.

Kanthambi komezanitsa katengeni pamtengo umene mukuudziwa zipatso zake. Kakhale ka kunsonga, masamba ake okhwima obiriwira kwambiri, diso lakunsonga lotupa koma losaphukira, ndipo lisakhale loti litulutsa maluwa. Masiku 7 mpaka 10 musanakadule, dulani masamba ake ndi sizasi n'kusiya timapesi tokha. Timapesito tikamagwa tokha mukatikhudza, maso atupa, nthawi yakwana. Dulani masentimita 10 mpaka 15, kulungani m'nyuzipepala yonyowa, gwiritsani ntchito tsiku lomwelo.

Mpeni ukhale wakuthwa woti n'kumeta cheya cha pamkono. Lezala yatsopano imathandiza pa timitengo tanthete. Pukutani ndi sipiliti musanayambe ndiponso mukamachoka pamtengo wina kupita pa wina.

Dulani tsinde mopingasa pa masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa dothi, pamalo ofanana kunenepa ndi kanthambi kanu, ndipo musiye masamba angapo kumunsi kuti azidyetsa mizu. Ng'ambani tsindelo pakati penipeni kutsika masentimita 3 mpaka 4. Kanthambi kaja kasongoleni mbali ziwiri ngati nsonga ya nkhwangwa, kutalika kofanana ndi mng'aluwo. Mbali iliyonse ichekedwe ndi kukoka kumodzi. Mukamasema pang'onopang'ono ngati mukusongola pensulo, pamakhala mabampu, ndipo mabala awiriwo sagonerana. Pochekedwapo musagwirepo ndi zala.

Tsopano chinthu chimene chimapha kapena kuchiritsa ntchito yonse. Pakati pa khungwa ndi mtengo weniweni pali kachikopa kopyapyala, konyowa, kobiriwirako. Mbali imeneyi yokha ndiyo imakula n'kulumikiza mitengo iwiri. Polowetsa kanthambi mumng'alu, khungwa lake ligundane bwinobwino ndi khungwa la tsinde. Ngati kanthambi n'kochepa kuposa tsinde, musakaike pakati kuti kaoneke bwino. Kakankhireni mbali imodzi kuti makungwa akumane kumeneko. Mbali imodzi yokumana bwino imakwanira.

Mangani ndi kalamba ka pulasitiki, mulifupi sentimita imodzi ndi theka, kodula papepala la shuga. Yambirani kumunsi kukwera m'mwamba, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, ngati mmene malata amasanjidwira, kuti madzi asalowe. Kokani zolimba. Vekani kanthambiko kapepala kakang'ono koonekera, kaja ka mafirizesi, mumange momasuka kumunsi kwa bala. Bwezerani pamthunzi, ndipo pothirira thirani m'chubu, osati pamutu.

Pa milungu 2 mpaka 4 diso limaphukira, timasamba tofiirira. Chotsani kapepala ka pamutu timasambato tisanapindikire mkati. Kalamba komangira kasiyeni miyezi iwiri kapena itatu, kenako kachekeni. Mukaiwala kamalowa m'khungwa, pamakhala khosi lopyapyala limene mphepo imathyola. Mphukira iliyonse yotuluka kumunsi kwa bala ithotholeni ikadali yaing'ono, chifukwa imeneyo ndi kalisere akufuna kubwerera, ndipo akasiyidwa amalanda chakudya chonse mpaka mutu womezanitsa kufa.

Kanthambi kakada kuyambira kunsonga m'mlungu woyamba, kanauma: mwina kanachedwa kuikidwa, mwina pulasitiki sinatseke. Pabala pakachita nkhungu ndi kununkha, madzi analowa kapena mpeni unali wakuda. Kakakhala kobiriwira mwezi wonse osaphukira kenako n'kufa, makungwa sanakumane. Tsinde silitayidwa, dulani pansi pang'ono muyesenso. Woyamba kumene asadabwe theka likakanika.

Kuphunzira ndi manja

Kacheke ka mpeni sikaphunziridwa powerenga. Pamafunika wina akugwireni dzanja, akuonetseni kupendeka kwake, ayang'ane bala lanu n'kukuuzani kuti apa pali bampu. Minda ya zomera inakhazikitsidwira ntchito zotere, kusunga mbewu, kuziyesa ndi kuphunzitsa. Mu 1878 Jonathan Duncan anabwera ku Mishoni ya Blantyre ndi timitengo ta khofi tochokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Kamodzi kokha n'kamene kanapulumuka, ndipo mbewu yake inafalikira m'minda ya kumapiri a kuno kummwera. Munda wa ku Zomba, umene anthu amangoti ku Botanic, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, unayamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Lero uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kwa munthu wa mu Blantyre ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo, ndipo kungoyenda m'mundamo n'kuona mtengo utakula msinkhu wake wonse kumakuletsani kubzala chimphona pafupi ndi khoma la nyumba. Pafupi ndi kuno kulinso malo ofufuzira za ulimi a ku Bvumbwe, odziwika pa zipatso ndi ndiwo zamasamba.

Kaya maphunziro mwawapeza kumunda wa zomera, kwa alangizi a zaulimi kapena kwa mwini nazale wa m'dera lanu, funsani kaye ngati aliyense adzagwire mpeni. Phunziro limene anthu 40 aimirira kuonerera munthu mmodzi akumezanitsa kamtengo kamodzi ndi chionetsero chabe. Pitani ndi mpeni wanu kuti muzolowere womwewo, kope, ndi nthambi yodwala ya kunyumba m'jumbo yomanga bwino, kuti aphunzitsi aione popanda kufalitsa tizilombo m'munda wa eni. Pemphani mitolo ya nthambi zotaya muyeserepo kucheka kambirimbiri musanakhudze mbande yeniyeni. Mukamanga, pemphani aphunzitsi amasule n'kuyang'ana mkati. Funsaninso kumene iwo amatenga timitengo tomezanitsira, popeza luso lopanda mtengo wodalirika wotengako nthambi silipita patali.

Tizilombo ta mu nazale

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pambande, tembenuzani tsamba. Mupeza nsabwe kapena kodikodi, tija toyera ngati thonje. Nyerere zimatiweta chifukwa cha timadzi totsekemera timene timatulutsa, ndipo timadzi tomweto ndi timene timadetsa masamba ngati mwaye. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, poperani kunsi kwa masamba madzulo, bwerezani pakapita masiku 5. Yesani kaye pambande imodzi. Masamba a nimu osinja, kilogalamu imodzi m'malita 5 a madzi, ogonetsa usiku n'kusefa, amathandizanso. Ombwe ndi wamphamvu koma amapha nsomba, zotsala zake zisapite kumtsinje. Mbande zongomera zikamagwa zitawola pakhosi pamene pagundana ndi dothi, mwafesa mothinana ndipo mwathirira mopitirira: zulani zodwalazo, patulirani, chepetsani madzi, lolani mphepo idutse.

Kuwokera pamalo pake

Milungu iwiri musanawokere, yambani kupatula udzu wa pachisakasa ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Nyengo ya dziko lonse yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, koma mu Blantyre musadikire March. Mtengo wowokeredwa kumapeto kwa December kapena mu January umakhala ndi miyezi itatu ya mvula yoti mizu itsike.

Dzenje la mtengo wa zipatso likhale masentimita 60 mulifupi, mulitali ndi kuya, lamakona anayi. Dothi lapamwamba ikani mbali ina, lofiira lapansi mbali ina. Makoma a dzenje m'katondo amasalala ndi khasu ngati mkati mwa mbiya, ndiye agobeni kuti mizu ipeze polowera. Thiranimo ndowa ziwiri za madzi. Ngati mawa lake madzi akadalimo, malowo sayenera peyala, pokhapokha mutaumba chulu chotalika masentimita 30 n'kubzala pamwamba pake. Bwezerani dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana. Feteleza asagunde mizu, dikirani mtengo uyambe kuphukira, kenako thirani zitsekerero ziwiri za botolo mozungulira, kutali ndi tsinde ngati kutalika kwa chikhatho.

Chekani chubu ndi lezala n'kuchichotseratu. Mizu imene yazungulira pansi ngati nkhata iduleni, ikapanda kutero imapitiriza kuzungulira ndipo mtengo umapinimbira kapena kugwa ndi mphepo patapita zaka. Mtengo ukhale pa msinkhu womwe unali m'chubu, bala lomezanitsira lili pamwamba kwambiri pa dothi. Mango ndi mapeyala atalikirane mamita 8 mpaka 10, malalanje ndi manachesi mamita 5 kapena 6, ndipo pasakhale mtengo waukulu pafupi ndi maziko a nyumba kapena thanki ya chimbudzi. Pamalo otsetsereka, ngati m'mphepete mwa mapiri a Soche ndi Ndirande, bzalani mzere wa vetiva mopingasa kumtunda kwake kuti madzi othamanga asakokolole dothi.

Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde. Udzu wogunda tsinde ndi mlatho wa chiswe, ndipo chiswe chimakonda mtengo wofooka ndi ludzu mu September ndi October wa chaka choyamba. Nthawi imeneyo thirani ndowa imodzi ya malita 20 kamodzi kapena kawiri pamlungu, osati kapu tsiku lililonse, kuti madzi atsike ndi mizu iwatsatire. Mtengo womezanitsa umatha kuchita maluwa chaka choyamba chomwecho uli wofika m'chiuno. Athotholeni onse, ndi a chaka chachiwiri omwe ngati nthambi zikadali zowonda, apo ayi mango awiri adzakhadzula nthambi imene ikanakhala thunthu la mtengo.